Bokosi la mu vidiyo na K5 ya m'thumba

Pali mtundu wa zolemba umene umaphuka katatu pa caka, mlungu wotsegulila masukulu: mu January, mu May na mu September. Ni malangizo a zakudya zopatsa thanzi zimene mwana anganyamule kusukulu. Nthawi zina amabwela monga mndandanda wa mfundo khumi, koma masiku ano ambili tiwaona m'tumavidiyo twa pa TikTok na Facebook. Kamela iyang'ana pansi pa thebulo loyela. Nkhope ya munthu sioneka, aoneka ni manja cabe. Manjawo atsegula bokosi la tuzipinda tunayi, aika mphesa zodula pakati, karoti yoceka monga mapensulo, buledi wa brown wocotsa m'mbali, cheese na kayogati. Bokosi litsekeka, nyimbo itha.

Zolemba izi sizidziona monga nthano, koma n'zoyenela kuziwelenga mmene tiwelengela nthano. Zili na wosimba, zili na munthu amene zimuganizila kuti ndiye amvetsela, ndipo zili na anthu amene zawasiya panja.

Coyamba tivomeleze kuti pa nkhani ya shuga zikamba zoona. Botolo ya Coca-Cola ya 300 ml ili na shuga wokwana masupuni ang'ono pafupifupi 8. Bungwe la WHO likamba kuti shuga wowonjezela asapitilile 10 pelesenti ya mphamvu zimene munthu apeza m'zakudya pa tsiku. Kwa munthu wamkulu amenewo ni masupuni pafupifupi 12, kwa mwana wa Grade 3 ni ocepelapo. Mwana amene break yake ni drink, Jiggies na freezit amakhuta kwa ola limodzi, ikafika period ya masamu ayamba kusinza. Apa palibe cotsutsa. Mfundo yakuti mwana anyamule madzi akumwa nayonso ni yabwino.

Vuto iyamba tikafunsa kuti kodi wosimbayu akamba na ndani. Yogati, cheese, polony na mphesa zonse zifuna filiji, ndipo filiji ifuna malaiti. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi ku Kariba, makomboni a mu Lusaka anali kukhala maola opitilila 17 pa tsiku alibe magetsi. Caka cimeneco thumba la 25 kg la unga wa breakfast linapitilila K300, ndipo nyumba zambili zinali kugula pamela wa tsiku limenelo. Mavidiyo aja sanasinthe olo pang'ono. Yogati inali pamalo pake m'kazipinda kake. Wolemba nthano akaika munthu wa ku Kanyama m'nyumba ya ku Kabulonga popanda kufotokoza kuti wafikamo bwanji, timati nkhaniyo ni yabodza. Malangizo a zakudya nawonso tiwaweluze motelo.

Ndiye pali manja aja. Nthawi zonse ni a mayi, ndipo ni a mayi amene ali na nthawi. Amai a mu Chawama olo mu George amene agulitsa tomato amanyamuka 04:00 kupita kukaoda ku Soweto Market. Pamene ana auka, iwo ali kale pa minibasi na dengu pamiyendo. Amene akonzekeletsa ana ni mkulu wawo wa Grade 9, nayenso acedwa. Cimene ciloŵa m'cola ni nsima yogona olo mpunga wa dzulo ngati unatsala. Nthawi zambili palibe bokosi iliyonse, pali K2 olo K5 imene amai anasiya pa thebulo. Iyi ndiyo lunch box yeniyeni ya mu komboni, ndipo sin'naonepo vidiyo imene iyambila pa ndalama imeneyi.

Ndalamayo ithela kwa munthu amene zolemba izi zamucotselatu m'nkhani: amai a pa geti ya sukulu, okhala na beseni la vitumbuwa, popcorn wa m'tumapulasitiki, tute yootcha, nshawa, cikanda codula-dula. Akaonekamo, aonekamo monga mdani, uja amene mwana wanzelu afunika kumupewa. Mantha amenewa ali na maziko. Kolela ya 2017 na 2018 inacititsa kuti asilikali acotse ogulitsa m'misewu ya Lusaka, ndipo mu 2024 masukulu amene anafunika kutsegula pa 8 January anatsegula pa 12 February cifukwa ca matenda omwewo. Koma kuuza mwana kuti usagule pa geti, pamene m'cola mwake mulibe kanthu, n'cimodzimodzi kumuuza kuti usadye. Wolemba amene adziŵa komboni angaphunzitse kusankha. Gula cinthu cotentha cimene cangocoka pa mbaula. Gula cimene uzasenda wekha, monga nthoci, nachesi, dzila lowilitsa olo nshawa za m'makoko. Yang'ana ngati beseni ni yovinikila. Freezit na ice block uziope kwambili, cifukwa sudziŵa madzi ake anacokela pa citsime citi. Malangizo otele ni osakongola pa kamela, ndiye cifukwa cake sitiwaona.

Cimene cinivuta kwambili ni cinenelo. Zakudya za m'mavidiyo aja zili na maina a Cizungu, ndipo maina amenewo amamveka monga mayunifomu atsopano. Zathu zikachulidwa, zimasinthidwa dzina kuti ziloledwe kuloŵa. Kandolo ikhala sweet potato wedges, nshawa zosinja zikhala peanut butter, kotapela ikhala guacamole. Cikanda ena acipatsa dzina lakuti African polony, monga kuti cingalemekezeke pokhapo cikafanana na nyama ya mu shopu. Mwana amamva bwino uthenga uli pansi pa mau amenewa. Aliyense amene anaphunzila pa sukulu ya boma adziŵa zimene zimacitika pa break: wa soseji atsegula bokosi pakati pa anzake, wa kandolo yowilitsa apita kukadyela kuseli kwa kalasi, olo aibweza kunyumba yosakhudza. Pa thanzi, wa kandolo ndiye wapambana, maka-maka ngati ni ija yofiila mkati imene ili na vitamin A wambili. Pa ulemu, waluza. Zolemba zimene zikamba za mavitamini koma osakhudza manyazi zaphonya pamene pali nkhondo, cifukwa cakudya cimene mwana acita naco manyazi sicidyedwa.

Ndipo cinenelo cathu cili nalo kale liu la nkhaniyi. Makolo anali kuti kamba, kutanthauza cakudya ca paulendo: nshawa zokazinga, cimanga cokazinga, mbatata yootcha, cikondamoyo, thobwa mu cipanda. Kamba anapangidwila munthu amene azayenda tsiku lonse padzuŵa popanda filiji olo supuni, ndiye kuti funso la mwana wa sukulu linayankhidwa kale-kale. Ife a mu tauni liu limeneli tangolisiyila kukamba kwa pakamwa.

Pali buku limene linayesa kuyambila pa mbale yathu. Mu 2021 Unduna wa Zamalimidwe, mothandizidwa na FAO, unatulutsa Zambia Food-Based Dietary Guidelines. Bukuli ligaŵa zakudya m'magulu 6, ndipo cimene cinanikondweletsa n'cakuti pa gulu la nsomba na nyama anaikapo tuzilombo todyedwa. Vinkubala na inswa zinaloŵa m'buku la boma na maina awo, pafupi na kapenta na nkhuku. Amene analilemba anali kudziŵa dziko limene alembela. Koma monga colemba cofuna kufika kwa anthu, bukuli ni lolema. Lili m'Cizungu ca maofesi, lokonzedwela akatswili, ndipo msungwana wa Grade 9 uja sazalipeza pa foni yake 05:30 m'maŵa. Ndiye tili na zolemba ziŵili: cina cidziŵa zoona koma sicidziŵa kukamba na ife, cina cidziŵa kukopa maso koma cikamba za dziko lina.

Zonse ziŵili zili na cinthu cimodzi cimene sizigwilitsila nchito mokwanila, kalenda. Mndandanda wa pa intaneti ulibe nyengo, mphesa zake zimapsa caka conse. Koma matemu atatu a sukulu ku Zambia ni maiko atatu osiyana. Temu yoyamba igwela m'miyezi ya njala, pamene unga wakwela mtengo ndipo matenda a m'mimba ali paliponse. Cimene cipulumutsa ni cimanga caciŵisi ca mu February na March, magwava, ndipo kumapeto nshawa zaziŵisi zowilitsa na maungu. Temu yaciŵili, kucokela mu May mpaka August, ndiyo yosavuta. Kandolo ili mbwee pa msika, nshawa zauma, manachesi na malalanje achipa, ndipo kuzizila kuthandiza kuti cakudya cisasase. Temu yacitatu ni ya kutentha. Mpunga wa dzulo olo nyemba zimene zinali bwino mu June, mu October zifika 10:00 zitayamba kununkha m'cola. Iyi ni nthawi ya zinthu zouma na zipatso zosenda, mpaka masuku na mango zitafika ca mu November, pamene mayeso ayamba. Wolemba amene angatsatile matemu atatu amenewa angakhale na nkhani ya caka conse, ndipo sangafunike kukopela kwa munthu wa ku London.

Apa nisamveke monga kuti ciliconse ca kwathu n'coyela. Citumbuwa ni fulawa yoyela, shuga na saladi, ndipo ngati saladiyo yakazingila masiku atatu mpaka kuda, sicisiyana kwenikweni na zamupaketi zimene tinyoza. Zigolo ni madzi a shuga, olo kuti shuga wa ku Zambia amaikamo vitamin A kuyambila mu 1998. Maheu a mu botolo ali na shuga wambili. Nshawa zimene sizinaume bwino zimagwila cuku cimene cipanga poizoni wochedwa aflatoxin, ndiye zofota, zakuda na zowawa n'zofunika kutaya, osati kuzisinjila pamodzi na zabwino. Cikanda naconso cili na mbali yake: cinaka cake ni mizu ya maluwa a m'thengo a mtundu wa orchid, ndipo cafukulidwa kwambili cakuti amalonda amakacitenga mpaka ku Tanzania. Kutamanda zakudya zathu popanda kukamba izi kungakhale kupanga vidiyo ina yonama, yongosintha mbale.

Cina cimene mtundu uwu wa zolemba umacita mwakacetecete ni kusandutsa njala kukhala nkhani ya luso la mayi. Mwana akapita wopanda kanthu, ndiye kuti amake sanakonzekele, sanauke msanga, sanaŵelenge mfundo khumi zija. Koma kafukufuku wa Zambia Demographic and Health Survey wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbila. Ana amenewo ndiwo ali m'makalasi lelo. Kuyambila mu January 2022, pamene boma inacotsa malipilo a sukulu, makalasi anadzala na ana a m'nyumba zimene kale sizinali kukwanitsa, ndipo ambili a iwo ni amene alibe conyamula. Yankho ya ana otele siikhala m'bokosi. Ikhala mu mphika waukulu wa pa sukulu, monga pulogilamu ya boma ya Home-Grown School Meals imene igula zakudya kwa alimi a pafupi, olo phala la Mary's Meals limene lipelekedwa m'masukulu a kum'maŵa kuyambila mu 2014. Mphika umenewu uli na ubwino wina umene madokotala saupima: onse akadya phala limodzi, palibe wopita kuseli kwa kalasi. M'mavidiyo a lunch box simuzamvamo za mphika, cifukwa mphika ulibe cogulitsa, pamene bokosi la tuzipinda tunayi, botolo yake na yogati yake zonse zili na sitolo.

Ena azati nafuna zambili kwa kavidiyo ka masekondi 30, kamene mwini wake anangofuna kuonetsa zimene apangila mwana wake. N'zoona kuti iye alibe mlandu, ndipo ngati ali na filiji na jeneleta, aikemo yogati. Mlandu uli pa ife amene tili na mafoni, tidziŵa Cinyanja, tinakulila pa vitumbuwa va pa geti, koma tikafuna kulemba za cakudya timayamba kusakila cheese. Vidiyo imene niyembekezela iyambila pa dzanja la mwana logwila K5 pa geti ya sukulu mu Mtendere, mu July kukuzizila. Kamela ionetse nkhope ya amai ogulitsa, iwachule dzina ngati alola, ifunse mitengo ya tsiku limenelo, ndipo mwanayo asankhe pakati pa freezit na kandolo yootcha anzake akuyang'ana.