Wolonjerera ngongole sapempha

Nkhani zambiri za pa wailesi zimafika m'Cipwitikizi, omasulira n'kuziika m'Cinyanja. Ndikudandaula ndi mawu amodzi: exigir. Kawirikawiri ndimamva akuti "alimi a fodya ku Angónia apempha ndalama zawo", comweco pepala likuti exigiram. Kupempha ndi pedir, ndipo mawu awiriwa ndi otsutsana.

Wopempha amadziwa kuti angakanidwe, cinthu ndi ca mwini. Wocondelera amacita kugwada. Wokhululuka ngongole amasiya dala cake. Wolekerera amangoti cete. Onsewa ali mbali ina. Koma mlimi amene fodya wake anakwera kale pa sikelo sali pakati pawo. Iye akulonjerera, monga timalonjerera ngongole, cifukwa thukuta linagwa kale.

Omasulira amati kupempha kumamveka mwaulemu. Ulemu ndimaulemekeza, ndipo n'zoona kuti kupempha si kuba. Koma mwana womvera wailesi akamva tsiku ndi tsiku kuti atate ake akupempha malipiro, adzakula akuyesa kuti malipiro ndi mphatso.

Abale omasulira, sungani kupempha kwa mcere ndi moto. Pa nchito yogwiridwa kale, nenani kuti akulonjerera.