MASO A ALYPIUS: ZA MASEŴERA A CHIWAWA NDI UDINDO WA MAKOLO

Wophunzira wa pa koleji amene wapatsidwa ntchito yolemba chimangirizo pa funso lakuti kodi maseŵera a pa kompyuta odzaza ndi kuphana amasandutsa ana kukhala achiwawa, kaŵirikaŵiri amathera m'kudandaula. Aŵerenga usiku wonse, napeza kuti akatswiri sakumvana, ena akuti inde, ena akuti iyayi, pamene tsiku lopereka ntchitoyo layandikira. Pofuna kudzipulumutsa amatseka chimangirizo chake ndi mawu amene palibe angawatsutse, akuti udindo wonse ndi wa makolo. Ife tivomera kuti mawu ameneŵa ndi oona, koma tidandaula kuti amanenedwa mwaulesi, ngati njira yothetsera mkangano. Tifuna tiwayese poyang'ana chiŵeruzo cha Bwalo Lalikulu la Milandu la dziko la United States, chimene chinaperekedwa pa 27 June 2011 pa mlandu wotchedwa Brown v. Entertainment Merchants Association.

Mkanganowu unayamba kale. M'chaka cha 1992 kunatuluka seŵero lotchedwa Mortal Kombat, m'mene wopambana amatha kudula mdani wake mutu magazi ali chuchuchu. Pakutha pa 1993 aphungu aŵiri a nyumba ya Senate, a Joe Lieberman ndi a Herb Kohl, anaitanitsa opanga maseŵera kuti adzayankhe, ndipo mu 1994 opangawo, poopa lamulo la boma, anakhazikitsa okha bungwe la ESRB loika chizindikiro cha msinkhu pa seŵero lililonse. Chilembo cha M chimasonyeza kuti seŵerolo ndi la anthu a zaka 17 kapena kuposerapo. Mantha anakula mu 1999, zitadziŵika kuti anyamata aŵiri amene anapha anzawo pa sukulu ya Columbine ankakonda seŵero lowomberana la Doom. Mu 2005 boma la California linapanga lamulo loletsa kugulitsa maseŵera a chiwawa kwa ana osakwana zaka 18, ndipo wogulitsa wophwanya lamulolo akanalipira chindapusa chofika madola 1,000. Lamulo limeneli ndilo bwalo linafafaniza, oŵeruza 7 atavomereza, 2 atakana.

Amene analemba maganizo a ambiri ndi woŵeruza Antonin Scalia, ndipo mfundo zake sizoyenera kuzichepetsa. Iwo anati maseŵeraŵa amakamba nkhani monga mabuku ndi mafilimu, choncho ali pansi pa ufulu wa kulankhula. Anakumbutsanso kuti ana akhala akumva nkhani zoopsa kuyambira kale, natchula nthano za abale a Grimm, ndakatulo ya Homer ndi masomphenya a Dante a ku gehena. Ife amene timaŵerengera ana nkhani ya Davide akudula mutu wa Goliati, ndi kupachika pakhoma chithunzi cha Ambuye atakhomedwa pamtanda, sitingakane zimenezi. Chiwawa chokambidwa m'nkhani chingathe kuphunzitsa chifundo ndi chilungamo. Anatinso lamulolo silinali kuthandiza makolo kuchita zimene iwo afuna, koma kuwaumiriza kufuna zimene boma liganiza kuti ayenera kufuna. Aliyense wodziŵa m'mene boma limazoloŵerera kuletsa mabuku likangolaŵa mphamvu yotero adzamvetsa nkhaŵa imeneyi.

Pamene tisiyana nawo ndi apa. A Scalia anaona ngati kuseŵera sikusiyana kwenikweni ndi kuŵerenga, popeza woŵerenga wabwino nayenso amaloŵa m'nkhani ndi mtima wake wonse. Koma mwana womvera nkhani ya Goliati amakhala mboni, pamene mwana woseŵera ndiye amasankha woti amuphe, naloza, nawombera, ndipo makina amampatsa mphotho chifukwa chochita bwino; akalephera amabwereza mpaka dzanja litazoloŵera. Woŵeruza Samuel Alito, ngakhale anavomera kuti lamulolo ligwe chifukwa mawu ake anali osamveka bwino, anachenjeza anzake kuti asafulumire kunena kuti chinthu chatsopanochi n'chofanana ndi chakale. Woŵeruza Stephen Breyer, amene anakana, anafunsa nzeru yake ya dziko loletsa kugulitsa kwa mwana magazini ya zithunzi zamaliseche, koma n'kuteteza kumgulitsa seŵero limene iye mwini amazunza ndi kupha mkazi. Tikhulupirira kuti funso limeneli silinayankhidwe mokwanira.

Nanga akatswiri a zamaganizo akuti chiyani? Bungwe la American Psychological Association linanena mu 2015 kuti maseŵera otere amagwirizana ndi kukula kwa ukali ndi kuchepa kwa chisoni pa zoŵaŵa za ena, koma kuti umboni wakuti amabala milandu ya chiwawa ndi wosakwanira; mu 2020 linachenjezanso kuti si nzeru kunena kuti kuphana kumachokera ku maseŵera. N'zoonanso kuti ku United States milandu ya chiwawa ya achinyamata inatsika kwambiri kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1990, nthaŵi yomweyo imene malonda a maseŵera anali kukwera. Wolalikira amene anganene kuti seŵero limasandutsa mwana chigaŵenga adzakhala akunena zimene sangathe kutsimikiza, ndipo achinyamata omumva, podziŵa kuti anzawo miyandamiyanda amaseŵera osapha munthu, adzaleka kumkhulupirira pa zina zomwe.

Komabe apa ndi pamene wophunzira uja amasokera, ndipo kudandaula kwake kumachokera ku funso loikidwa molakwa. Bwalo linafunsa zimene boma liloledwa kuletsa. Akatswiri amafunsa zimene zingayezedwe ndi chiŵerengero. Funso la kholo ndi lina, lakuti kodi mwana wanga akuphunzira kukondwera ndi chiyani. Augustine Woyera, m'buku lachisanu ndi chimodzi la Confessiones, akusimba za bwenzi lake Alypius, amene anapita ku Roma kukaphunzira zamalamulo. Ophunzira anzake anamkokera ku bwalo kumene anthu ankamenyana mpaka kufa, iye akukana, ndipo atafika anatseka maso podalira kulimba kwa mtima wake. Koma makutu anali otseguka. Wina atagwa, khamu linafuula, Alypius anatsegula maso, naona magazi, ndipo sanatembenukenso; anakondwera nawo, nayamba kubwerera yekha ndi kukokanso ena. Sanaphe munthu, ndipo palibe bwalo likanampeza wolakwa, koma Augustine akuti bala limene mnzakeyo analandira mumtima linali lalikulu kuposa la wogwa uja. Tidziŵa kusiyana kwake: magazi a ku Roma anali enieni, a m'seŵero ndi zithunzi chabe, ndipo kusiyana kumeneku n'kwakukulu. Koma phunziro la chizoloŵezi likhalabe, kuti mtima umafanana ndi chimene umabwereza kukondwera nacho. Papa Benedict XVI, mu uthenga wawo wa 2007 wonena za ana ndi njira zofalitsira nkhani, anatchula maseŵera a kanema pakati pa zinthu zimene zimapotoka pamene zitamanda chiwawa m'dzina la chisangalalo.

Tsono tibwerere ku mawu aja akuti udindo ndi wa makolo. Msonkhano wa Vatican Wachiŵiri, m'chikalata cha Gravissimum Educationis cha 1965, unaphunzitsa kuti makolo ndiwo aphunzitsi oyamba ndi aakulu a ana awo, koma unaonjeza kuti ntchitoyo ifuna thandizo la anthu onse. Pamene mawu omwewo atuluka m'kamwa mwa wamalonda, kaŵirikaŵiri amatanthauza kuti iye agulitse chimene afuna, kholo lidzionere lokha. Mayi wogwira ntchito mpaka usiku, amene sanagwirepo seŵero lotere, aikidwa kuti alimbane yekha ndi makampani amene ntchito yawo ndiyo kuphunzira mmene angagwirire maso a mwana. Lero vutoli lakula, popeza maseŵera ambiri sagulidwanso m'sitolo pamaso pa wogulitsa, koma amaloŵa pa intaneti m'foni yomwe ili m'thumba la mwana, ku California ngakhalenso kuno kwathu. Akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Udindo wa kholo suchotsa udindo wa wopanga, wa mphunzitsi kapena wa wansembe.

Ndipo udindowo suli kungoletsa. Alypius anayesa kutseka maso, koma sizinamthandize. Kholo loyenera dzinali limafunsa dzina la seŵero, limaŵerenga chizindikiro cha msinkhu, limakhala pansi kuonerera, lifunsa mwanayo chimene chimamsangalatsa pamenepo, ndipo limasiyanitsa seŵero la mpira kapena lomanga nyumba ndi seŵero limene mphotho yake ili m'kuzunza wopanda chida. Likakana, limanena chifukwa chake, ndipo limapereka china m'malo mwake. M'mera mpoyamba: mwana wa zaka 8 amamva zimene wa zaka 16 sadzafunanso kumva. Ife ansembe ndi ophunzira zaunsembe tiyenera kudziŵa zinthuzi mokwanira kuti kholo lodzatifunsa lisabwerere ndi mantha okha kapena ndi chitonthozo chabodza.

Bwalo linayankha funso la mphamvu za boma, ndipo mwina pa lamulo la California linayankha bwino. Cholakwa chingakhale chathu tikamva yankho limenelo ngati chilolezo chakuti tisafunsenso. Wophunzira uja angachite bwino kuyamba chimangirizo chake pamene anachitsekera, n'kufotokoza kuti kholo lichite chiyani, ndi thandizo la yani. Ndipo kwa makolo amene aona kuti anachedwa, tikumbutse kuti Alypius yemweyo anabatizidwa pamodzi ndi Augustine ku Milan mu 387, ndipo pambuyo pake anakhala episkopi wa Thagaste.