Sarafina wa Usiku Umodzi

Pa 27 Januwale 2019, wailesi ya kanema ya Fox ku America inalonjeza kuonetsa sewero la nyimbo la Rent pompopompo, anthu akuona kunyumba zimene zikuchitika pa siteji nthawi yomweyo. Dzulo lake, poyeserera komaliza, Brennin Hunt amene ankasewera mbali ya Roger anathyoka phazi. Wolowa m'malo mwake kunalibe. Tsiku litafika, oonera anapatsidwa zimene makamera anajambula poyeserera paja, oimba ena akusunga mawu awo poganiza kuti ntchito yeniyeni ndi yamawa. Gawo lomaliza lokha ndilo linachitika pompopompo, Hunt atakhala pansi, phazi lili lomangidwa.

Nkhaniyi imandibwerera ndikamva anthu akukambirana za amene angayenere mbali yakuti m'sewero lotere. Kawirikawiri timangotchula mayina a oimba amene timawakonda. Koma sewero la pompopompo lili ndi zofuna zake zimene siteji ndi filimu sizifuna pamodzi. Pa siteji munthu amaimba, kuvina ndi kuyankhula maola awiri kapena atatu osapuma, komabe oonera ali patali, thukuta ndi maso othawathawa sazionera pafupi. Mu filimu kamera imafika pamphuno penipeni, koma ukalakwitsa amajambulanso. Kanema wa pompopompo amatenga zovuta za mbali zonse ziwiri: kamera ili pamphuno, mwayi wobwereza palibe.

Amene anadzutsa mwambowu masiku ano ndi Craig Zadan ndi Neil Meron, pamene anakonza The Sound of Music Live! pa NBC mu Disembala 2013. Mbali ya Maria anaipereka kwa Carrie Underwood, woimba wotchuka amene anapambana mpikisano wa American Idol mu 2005. Anthu oposa 18 miliyoni anaonera, ndipo pa nkhani ya malonda palibe angatsutse. Kuimba anaimba bwino. Vuto linali pakati pa nyimbo ndi nyimbo inzake, pamene Maria ayenera kukangana ndi Captain von Trapp, kuchita manyazi, kuzindikira kuti wayamba kukonda bambo wa ana amene akuwalera. Pamenepo mawu ankatuluka monga anawalowezera, nkhope osasuntha nawo. Pambali pake panali Audra McDonald, katswiri wa ku Broadway, akusewera mkulu wa masisitere, ndipo kamera ikamuyandikira umaona munthu amene akumvetsera ndi thupi lonse. Sindimunena Underwood, analimba mtima kusenza katundu amene sanamuzolowere. Amene anamusenzetsa ndiwo anasokoneza kutchuka ndi luso la zisudzo.

Patapita zaka ziwiri, The Wiz Live! inayenda njira ina. Dorothy anali Shanice Williams, mtsikana wa ku New Jersey amene dziko silinkamudziwa, wopezeka pa mayeso amene aliyense ankaloledwa kubwera. Mayina akuluakulu anamuzungulira: Queen Latifah, Mary J. Blige, Uzo Aduba, aliyense akulowa, kuimba nyimbo yake, n'kupereka mpata. Ndipo azakhali a Dorothy anali Stephanie Mills, yemwe uja anasewera Dorothy pa Broadway mu 1975. Jesus Christ Superstar ya pa Pasaka wa 2018 inachita zofananako. Alice Cooper anapatsidwa Herode, mfumu ya nyimbo imodzi, pamene Yudasi, amene amasenza sewero lonse ndi mawu okwera kuyambira pachiyambi, anapita kwa Brandon Victor Dixon, wozolowera kuimba kasanu ndi katatu pa sabata.

Nditafunsidwa sewero limene ndingakonde kuliona usiku umodzi wotere, sindingachedwe: Sarafina! ya Mbongeni Ngema, imene nyimbo zake zina anathandizana ndi Hugh Masekela. Inayambira ku Market Theatre ku Johannesburg mu 1987, n'kufika ku Broadway mu 1988. Ine ndinaidziwira m'kanyumba ka vidiyo, kudzera mu filimu ya 1992, titapanikizana pa mabenchi. Nkhani yake ndi ya ana asukulu a ku Soweto ndi zipolowe za 1976, choncho tsiku loionetsa ladzisankha lokha, 16 Juni, tsiku limene zipolowezo zinayamba, ndipo ochita sewerolo ayenera kuchokera ku South Africa komweko.

Sarafina mwini wakeyo sindingamufune pakati pa oimba amene ali kale ndi dzina. Leleti Khumalo anali mtsikana wa zaka 17 wochokera ku KwaMashu pamene sewerolo linkayamba, ndipo chaka chotsatira dzina lake linali pa mndandanda wa opikisana pa mphotho ya Tony. Chimene chinagwira anthu mtima n'chakuti ankaoneka mwana wasukulu weniweni, woti asilikali akalowa m'kalasi umamuopera. Woimba wa zaka 30 atavala yunifomu akhoza kunamiza anthu okhala kumbuyo m'holo, koma kamera ya pafupi imawerenga zaka pankhope. Ndingayende m'makwaya a m'masukulu ndi m'matchalitchi, m'magulu a zisudzo a m'makomboni a ku Durban ndi Johannesburg. Ndipo mayeso anga sangayambe ndi nyimbo. Mtsikanayo ndingamuvinitse kaye mpaka befu, kenako, asanapume, ndimuike patsogolo pa kamera kuti ayankhule motsitsa ndi chithunzi cha Mandela. Wokhoza pamenepo ndiye angafike kumapeto, pamene ana asukulu amachita konsati yawo Sarafina akusewera Mandela, ali ndi mpweya wotsala m'chifuwa.

Dzina lalikulu ndingaliike pa mphunzitsi, mbali imene mu filimu inapita kwa Whoopi Goldberg. Apa ndingagogode pakhomo pa Leleti Khumalo yemweyo. Wakhala zaka zambiri m'masewero a pa kanema, kamera amaidziwa, siteji amaidziwa. Koma chachikulu ndi chimene oonera angabwere nacho okha: mayi amene anali Sarafina ataima kutsogolo kwa kalasi, akuyang'ana mtsikana wakhala pa desiki yake yakale. Zimenezo sizifuna kulembedwa m'sewero. Stephanie Mills anazisonyeza kale.

Apolisi ndingawapereke kwa akatswiri a zisudzo zopanda nyimbo, anthu otha kuopseza osakuwa.

Kumene ndingathere nthawi yochuluka ndi pa kalasi yonse. Mphamvu ya Sarafina! ili m'gulu, m'mapazi ogunda pansi nthawi imodzi ndi mawu olukana ngati a pamaliro. Pa siteji, wa mzere wakumbuyo akhoza kungoyendetsa milomo osagwidwa. Pa kanema wotsogolera makamera amasankha nkhope iliyonse nthawi iliyonse, ndipo pa chochitika cha maliro a ana ophedwa, nkhope imodzi yongoyembekeza sitepe yotsatira ikhoza kuziziritsa zonse. Aliyense wa anawo ndingamusankhe ngati kuti sewero ndi lake, ndi kumupatsa dzina ndi kwawo ngakhale sadzayankhula liwu limodzi. Ndingafunenso oonera enieni m'chipindamo. The Sound of Music Live! inachitikira mu situdiyo yopanda anthu, nyimbo ikatha kunkangoti zii, ndipo ana ovina mwamphamvu chotere amafuna wowabwezera nthungululu.

Pa mayeso paja ndingatenge atsikana awiri. Onse aphunzire mbali yonse, onse ayeserere ndi makamera, wina lero wina mawa, monga mphunzitsi wa mpira amakonzera goloboyi wa pa benchi. Usiku wa 16 Juni wachiwiriyo adzakhale m'kalasi momwemo, pa desiki yachitatu, atavala yunifomu, maikolofoni ali kale patsaya.