"Dzina Lokhazikika": Lakhazikika pa Chiyani?

Mabuku ophunzitsa kagwiritsidwe ntchito ka Linux ali ndi chizolowezi choika mitundu ingapo ya maina a madisiki m'thumba limodzi ndi kuitcha yonse persistent names. Womasulira wofulumira amalemba kuti "maina okhazikika" n'kupitirira. Mawuwa ndi Chichewa chosalakwika, koma amalonjeza zambiri kuposa zimene makinawo amachita, ndipo wowerenga amene wawakhulupirira kwathunthu angathe kutaya zolemba zake.

Gwero la vutoli ndi ili. Linux imaonetsa disiki iliyonse ngati fayilo m'foda yotchedwa /dev. Madisiki akale a mtundu wa IDE ankatchedwa hda, hdb, hdc ndi hdd, ndipo lemba lotsirizalo linkatsata malo amene disikiyo yalumikizidwa pachingwe. Madisiki a SATA, a SCSI ndi a USB amatchedwa sda, sdb, sdc, koma lemba lotsiriza limatsata ndondomeko imene makina awapezera poyaka. Magawo a disiki amalandira nambala: sda1, sda2. Tsono disiki ina ikachedwa kuyankha, kapena wina akalumikiza fulashi makina asanayake, imene dzulo inali sdb lero ingathe kukhala sdc. M'chaka cha 2007 Fedora 7 inayamba kutcha ngakhale madisiki a IDE ndi maina oyamba ndi sd, kotero hda inasanduka sda popanda mwini makina kukhudza chingwe chilichonse.

Apa m'pamene pali kulakwa koyamba kwa mabukuwa: amatcha sda "dzina". Kunena zoona, sda ndi malo pamzere, monga nambala imene munthu amalandira akafika kuchipatala m'mawa. Wofika woyamba lero sindiye adzafike woyamba mawa. Mkonzi amene walemba sdb1 mufayilo ya /etc/fstab, imene imauza makina gawo loti alilumikize pafoda iti, angapeze makina akukana kuyaka bwino. Choopsa koposa n'chakuti amene walamula kuti sdb ifufutidwe, poganiza kuti ndi fulashi, angafufute disiki yosunga ntchito ya zaka zambiri.

Pulogalamu ya udev, imene Greg Kroah-Hartman anayamba mu 2003 ndipo inalowa mu systemd mu 2012, imapanga maina ena m'foda ya /dev/disk oloza kudisiki yoyenera. Awa ndiwo amene amatchedwa okhazikika. Koma lililonse lamangirizidwa pachinthu chake. Dzina la by-path lamangirizidwa pamalo olumikizira: disiki ikasamutsidwira pamalo ena limasintha, ndipo disiki ina ikaikidwa pamalo akalewo imalowa dzinalo ngati chokolo. Dzina la by-id limachokera kumtundu ndi nambala imene fakitale inapatsa disikiyo, choncho limayenda nayo, koma limafa nayo pamodzi. Zolemba zikakoperedwa padisiki yatsopano, dzinalo silitsata. PARTUUID imalembedwa m'ndandanda ya magawo, ndipo pamadisiki a GPT imakhalapobe ngakhale gawolo litafufutidwa mkati n'kukonzedwanso.

UUID ndiyo imatamandidwa kwambiri, ndipo ndiyo iyenera kuunikidwa mofatsa. Ndi nambala ya mabiti 128, yolembedwa ndi zilembo 32 m'magulu asanu a 8, 4, 4, 4 ndi 12. Malamulo ake anasindikizidwa mu RFC 4122 mu 2005, ndipo RFC 9562 inalowa m'malo mwake mu 2024. Ubwino wake ngwakuti n'kovuta zedi kuti ziwiri zifanane mwangozi. Komabe nambalayi si ya disiki, si ya gawonso: ndi ya dongosolo la mafayilo limene lakonzedwa m'gawomo. Gawo likakonzedwanso ndi lamulo la mkfs, UUID yakale imatha ndipo yatsopano imabadwa, pamene fstab ikuitanabe yakale ija. Ndipo disiki ikakoperedwa yathunthu ndi lamulo la dd, nambalayo imakoperedwa limodzi, kotero magawo awiri amayankha kuitana kumodzi kufikira wina atasintha imodzi ndi tune2fs. Palinso kusasamala kwina: pafulashi ya FAT32 chimene blkid imaonetsa pansi pa mutu wa UUID ndi zilembo 8 zokha, ndipo pa NTFS ndi 16. Mutu ndi umodzi, zinthu n'zosiyana.

Nanga nambala yotere n'kuitchadi dzina? M'Chichewa dzina ndi loitanira, limatchulika, limakumbukika. Palibe mphunzitsi amene angauze ophunzira zilembo 32 pakamwa iwo n'kuzisunga. Liwu loyenera UUID ndi "chizindikiro", kapena "nambala yozindikirira". Liwu loti "dzina" liyenera kusungidwira label, chifukwa ndiyo yokha imene munthu amasankha yekha, monga ZOLEMBA kapena MAYESO. Kufooka kwa label n'kofanana ndi kwa maina a anthu: aŵiri angathe kutchedwa chimodzimodzi, ndipo makina sadziwa kufunsa kuti ndi wa kwa yani. Wolemba buku akasiyanitsa motere, "malo pamzere", "chizindikiro cha disiki", "chizindikiro cha gawo", "chizindikiro cha dongosolo la mafayilo" ndi "dzina", wowerenga adziwa yekha chimene chisinthe akasintha chinthu chakutichakuti. Mawuwa ngotalikirapo, koma kutalikako kuli ndi ntchito.

Label imakhudzanso kalembedwe. Dongosolo la ext4 limalola mabaiti 16, XFS imalola 12, FAT imalola 11. Muyeso wa ext4 ndi wa mabaiti, osati malemba. Lemba la ŵ limatenga mabaiti awiri mu UTF-8, kotero Malaŵi ali ndi malemba 6 koma mabaiti 7. Pa FAT lembali n'losadalirika, pakuti mulibe m'ndandanda zakale za malemba a DOS monga 437 ndi 850. Mpata pakati pa mawu uyenera kulembedwa \040 mu fstab, pamene udev imaulemba \x20. Nkhodolero ya mu ng' nayo imasandulika: gawo lotchedwa ng'ombe limaoneka m'foda ya by-label ngati ng\x27ombe, ndipo polemba lamulo pamafunika kulitsekera ndi mitengero, apo ayi makina amangodikira nkhodolero yachiwiri yotsekera. N'chifukwa chake mphunzitsi wosankha zitsanzo za m'kalasi angachite bwino kutenga mawu afupi, opanda mpata ndi opanda zizindikirozi, koma auze ophunzira poyera kuti malirewo ndi a makina, osati lamulo latsopano la kalembedwe ka Chichewa.