Akazi Onyozeka M'mafilimu a Shemu Joyah

Dziko la Malawi lidalibe wailesi yakanema yakeyake mpaka chaka cha 1999, ndipo lamulo la 1968 losefa zosangalatsa lidazoloweza aluso kuyankhula mozungulira. N'chifukwa chake tiyenera kupenda mofatsa ntchito ya Charles Shemu Joyah, katswiri woyeza malo amene adasanduka mkonzi wa mafilimu.

Mafilimu ake atatu amafunsa funso limodzi: kodi mkazi amene anthu amutaya angapeze kuti chilungamo? Mu Seasons of a Life (2008) mtsikana wantchito apatsidwa pathupi ndi bwana wake. Mwanayo akulira m'nyumba ya bwanayo, koma mayi wake aphunzira zamalamulo nabwerera kudzamufuna. The Last Fishing Boat (2012) itifikitsa kunyanja, kumene nsomba zikutha ndipo ndalama za alendo zikugwedeza banja la msodzi wamitala. Mu The Road to Sunrise (2017) tikumana ndi akazi awiri ogulitsa thupi mu mzinda wa Blantyre. Filimu imeneyi idapambana mphotho ya AMVCA mu 2018, ndipo idali yoyamba imene Malawi adatumiza ku mpikisano wa Oscar.

Chimene tikuyamikira n'chakuti Joyah safulumira kuweruza. Amatiyimika pafupi ndi mkazi wonyozekayo mpaka tiyambe kuchita manyazi ndi amuna olemekezeka amene amamudyera masuku pamutu. Tchimo salibisa, koma amatisonyeza kuti mwini wake weniweni nthawi zambiri ndi uja wovala bwino.

Komabe tili ndi madandaulo awiri. Loyamba, Joyah amakhulupirira bwalo la milandu mopitirira muyeso. Mtsikana wantchito uja amveka pokhapokha atasanduka loya. Nanga anzake ambirimbiri amene sadzaponda m'kalasi adzawamva ndani? Lachiwiri, Chingerezi chimachuluka pakamwa pa anthu amene kwawo amalira ndi kukalipa m'Chichewa kapena m'Chiyao, kotero kuti ululu wawo umatifika utazirala.

N'chifukwa chake ife tikuona kuti The Last Fishing Boat ndiyo yozama koposa. M'menemo mulibe woweruza wobweza nsomba m'nyanja, ndipo woonera amatuluka atasenza yekha mlanduwo. Amene akukonzekera kutumikira anthu ayenera kuwaona mafilimuwa, pakuti akazi otere adzawapeza atakhala kumbuyo kwenikweni, akudikira wowamvera.