Sewero lisamabwere ndi yankho m'thumba

Ku Kafue gulu la zisudzo silivutika kupeza owonera. Ng'oma zikalira pamsika kapena pabwalo la mpira ku Shikoswe, ku Nangongwe kapena ku Zambia Compound, ana amafika poyamba, amayi ogulitsa nsomba ndi tomato amatsatira, abambo amaima chapatali ngati akungodutsa koma osachoka. Nkhani yagona pa chimene gululo limachita ndi anthuwo akasonkhana.

Masewero ambiri amene mabungwe amalipirira, kaya ndi a kolera, a Edzi kapena a maukwati a ana, amadziwika asanafike pakati. Pamakhala munthu mmodzi wosamva, wokana kusamba m'manja kapena kupita kuchipatala, ndi wina wa malaya oyera amene amadziwa zonse. Wosamvayo amadwala, wa malaya oyera amalalikira, kenako onse amavina. Owonera amaseka ndi kuomba m'manja, koma amabalalika opanda chowakhala pamtima, chifukwa palibe amene wadziona yekha mwa wosamva uja. Mayi wotunga madzi pachitsime chosazama sachita dala. Mpopi uli kutali kapena wauma. Sewero likamuonetsa ngati chitsiru lamunamizira, ndipo iye amadziwa.

Kafue ndi tauni yosayenera kupatsidwa masewero otere. Inakula ndi njanji komanso mafakitale. Mlatho wa sitima pa mtsinje wa Kafue unamalizidwa mu 1906, ndipo Zambia italandira ufulu mu 1964 kunabwera fakitale ya feteleza ya Nitrogen Chemicals of Zambia, imene inayamba kupanga feteleza mu 1970, ndi ya nsalu ya Kafue Textiles. Kunalinso yofufuta zikopa ya Bata. Ntchito inakoka anthu a ku Chipata, ku Kasama, ku Mongu ndi ku Monze. Malonda atamasulidwa pambuyo pa 1991, salaula inasefukira, nsalu za pa Kafue zinasowa msika, ndipo ambiri anachotsedwa ntchito koma osabwerera kwawo, popeza ana awo anali atabadwira pomwepo. Kumudzi kuli bwalo la amfumu, kumene mkangano umakambidwa pamaso pa onse. Agoba a ku Chiawa ali ndi mwambo wawo wa Kailala, Asoli ali ndi Chakwela Makumbi ku Chongwe. Nanga mnyamata wa ku Shikoswe, bambo ake Mnsenga mayi ake Mtonga, bwalo lake ndi liti? Sewero la pabwalo likhoza kukhala bwalo limenelo, pokhapokha litalola kuti mlandu ukambidwedi.

Phunziro limeneli si lachilendo ku Zambia. Chikwakwa Theatre, imene Michael Etherton ndi ophunzira a pa University of Zambia anayambitsa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, inatulutsa zisudzo m'nyumba za azungu n'kupita nazo kumidzi, m'zilankhulo za anthu. Mu 1979 akatswiri a m'mayiko angapo anakumana ku Chalimbana, m'dera la Asoli, nayendera midzi, namva madandaulo, nakonza masewero n'kukawaonetsa eni madandaulowo. Linali khama labwino, koma ounika ntchitoyo pambuyo pake anaona chilema chake: alendo ndiwo anapeka, eni mudzi anangowonera. Ku Malawi, Chris Kamlongera, David Kerr ndi gulu la pa Chancellor College atagwira ntchito ya zaumoyo m'midzi ya kufupi ndi Liwonde m'zaka za m'ma 1980, anayamba kusiya sewero losamaliza, ochita sewero n'kumatembenukira kwa owonera kuti iwo anene zichitike bwanji. Ku Kenya zinafika patali. Anthu a ku Kamiriithu, ena mwa iwo antchito a fakitale ya nsapato ya Bata ku Limuru, anamanga okha bwalo lawo ndi kukonza limodzi ndi Ngugi wa Thiong'o ndi Ngugi wa Mirii sewero la Ngaahika Ndeenda mu 1977. Boma linaletsa sewerolo, linatsekera Ngugi wa Thiong'o, ndipo mu 1982 linagwetsa bwalolo. Boma silitumiza apolisi kukagwetsa bwalo limene limangokumbutsa anthu kusamba m'manja.

Tsono luso lake lili pati? Liyambira pa kaimidwe ka anthu. Pabwalo palibe kutsogolo kapena kumbuyo, owonera azungulira mbali zonse, ndiye wochita sewero amene anazolowera nsanja ya kusukulu amafulatira theka la gulu osadziwa. Waluso salankhula ataima malo amodzi. Amanena mawu ake akuyenda mokhota, mfundo yofunika amaibwereza mbali ina m'mawu ena, ndipo anzake awiri akamakangana amatalikirana kuti mawu adutse pakati pa bwalo, osati kunong'onezana pakona. Pamsika pali phokoso la mabasi ndi oitanira malonda, choncho thupi liyenera kunena zimene khutu laphonya: mayi akamanga chitenje mwamphamvu m'chiuno, ngakhale wakutali amadziwa kuti kwaipa. Maikolofoni amathandiza, koma amaumitsa thupi, munthu n'kumasewera ndi dzanja limodzi.

Ng'oma nazonso zili ndi muyezo. Magulu ena amavina nthawi yaitali kuti anthu achuluke, ndipo sewero likamayamba dzuwa lawotcha, amayi abwerera kukayang'anira malonda. Kuvina kukhale koitana, ndipo nyimbo ibwerenso m'kati mwa sewero pamene nkhani yalemera, owonera avomereze okha.

Koma mtima wa ntchitoyi ndi kamangidwe ka mkangano. Tengani nkhani yodziwika kwa aliyense wa ku Kafue: chiletso cha usodzi chimene boma limaika chaka ndi chaka kuyambira pa 1 Disembala mpaka kumapeto kwa Febuluwale, kuti nsomba ziswane. Sewero laulesi lionetsa msodzi wakuba akugwidwa, ukonde wake ukuwotchedwa, basi. Sewero laluso lipatsa aliyense chifukwa chomveka. Msodzi akuti, “Januwale ndi mwezi wa fizi ndi mayunifomu, ana anga adya lamulo?” Wa zausodzi akuti, “Bambo, mwagwiritsa neti ya udzudzu, mwakokolola ndi tiana tomwe, chaka chamawa mudzagwira chiyani?” Mkazi wa msodzi, amene amagulitsa nsombazo pamsewu wa ku Lusaka, ali ndi ngongole ya kuchilimba. Ndipo pali wamalonda wagalimoto amene amagula nsombazo usiku osagwidwa. Apa palibe chitsiru. Mkangano ukafika pamene msodzi wanyamula nkhafi usiku ndipo mkazi wake waima pakhomo, wotsogolera aimitse sewero n'kufunsa gulu: “Amayi inu, mukanakhala inu, mukanamulola?” Funso lisapite kwa onse ayi, chifukwa funso la onse limayankhidwa ndi chete. Lipite kwa munthu mmodzi amene nkhope yake yaonetsa kuti nkhaniyi ndi yake. Augusto Boal wa ku Brazil anafika pouza woyankhayo kuti alowe m'bwalo, atenge malo a wochita sewero, ayese yekha maganizo akewo. Akayesa, amapeza kuti msodzi sagonja mosavuta, ndipo gulu lonse limayamba kuganiza.

Wotsogolerayu ndiye amasowa kwambiri. Ayenera kudziwa kudula mkulu wolankhula mosalekeza popanda kumuchititsa manyazi, kukoka mawu kwa mtsikana wamantha, ndi kupirira yankho limene bungwe lolipira silingakonde. Ambiri amafunsa ngati aphunzitsi a Sande sukulu, yankho ali nalo kale, akungodikira wina alitchule.

Za chidakwa ndinenepo pang'ono, popeza sichisowa m'masewero athu. Chimaseketsa, ndipo ochita sewero achinyamata amachikonda mpaka chimameza nkhani yonse. Koma chidakwa ndi munthu yekhayo amene angauze khansala mawu owawa pagulu anthu n'kuseka. Gulu lanzeru limachipatsa funso limene ena onse akuopa, osati kungochigwetsa m'ngalande.

Chilankhulo nacho chisayeretsedwe. Pa Kafue anthu amalankhula Chinyanja cha m'tauni, chosakanikira ndi Chibemba, Chitonga ndi Chingelezi, ndipo kusintha chilankhulo pakokha ndi sewero: wa zausodzi akathawira ku Chingelezi, owonera amadziwa kuti wapanikizika.

Nkhani zoti zilowe m'bwalo sizikusowa. Madzi ochuluka amene Lusaka imamwa amapopedwa mu mtsinjewu pa Iolanda, pafupi ndi makomboni amene mipopi yake imauma. Namasupuni amatseka njira za mabwato. Mu Febuluwale 2025 damu la zinyalala za mgodi wa Sino-Metals ku Chambishi linaphulika, asidi n'kulowa m'mitsinje yothira mu Kafue, nsomba n'kufa kumtundako. Palibe bungwe limene lingathamangire kulipira sewero lofunsa kuti mtsinjewu mwini wake ndani. Gulu lofuna kulichita liyenera kudalira mbale yoyendetsa pakati pa owonera, ndipo owonera a pamsika saponya ndalama pa sewero lowalalikira.