Musadule Zomera mu Dayale ya John Kirk

Pali chizolowezi china chimene chimandinyansa mwa anthu olemba mbiri ya David Livingstone. Akafika pa ulendo wa pa Zambezi ndi Shire umene unayamba mu 1858, amathamangira ku dayale ya John Kirk n'kutolamo chiganizo chimodzi chokha, chija analemba mu 1862 ali pa mtsinje wa Rovuma, chonena kuti mtsogoleri wawo mutu wasokonekera ndipo kumutsatira n'kuika moyo pachiswe. Akachitola, buku lija amalitseka. Amachita ngati mwana wosankha nyama m'mbale n'kusiya msuzi, osadziwa kuti kukoma kwa nyamayo kwachokera mu msuzimo. Ine ndikuti dayale ndi luso palokha, ndipo woiwerenga mongosakamo mawu okalipa sanaiwerenge.

Kirk anabadwa mu 1832 ku Barry, ku Scotland. Anatsiriza maphunziro a udokotala ku Edinburgh mu 1854, anakathandiza odwala pa nkhondo ya ku Crimea, ndipo anali ndi zaka 25 zokha pamene anamutenga kuti akhale dokotala komanso katswiri wa zomera pa ulendo wa Livingstone. Pambuyo pake analowa ntchito za boma ku Zanzibar, kumene mu 1873, monga woimira Britain, anakakamiza Sultan Barghash kusaina pangano lotseka msika wa akapolo. Mapepala ake ambiri akusungidwa ku National Library of Scotland, makalata ena ali ku munda wa zomera wa Kew, ndipo dayale ya pa Zambezi inasindikizidwa mu 1965 m'mabuku awiri amene anakonza Reginald Foskett. Pa ntchito zake zitatu, ya udokotala, ya zomera ndi ya boma, imene inamuphunzitsa kulemba ndi ya zomera ija.

Taganizani mmene munthu wotola zomera amagwirira ntchito. Akathyola nthambi ya maluwa, amaiyala pakati pa mapepala, n'kuipsinja ndi cholemera. M'chigwa cha Shire, kumene chinyezi ndi chiswe sizichitira chifundo pepala, ayenera kumasintha mapepalawo pafupipafupi kuti chomeracho chisachite nkhungu. Koma duwa likauma limasuluka, fungo limatha, utomoni umauma. Ndiye zonse zimene zidzatayike ayenera kuzilemba pomwepo, dzuwa lisanalowe: tsiku, malo, kutalika kwa mtengo, mtundu wa duwa, dothi limene wamerapo. Sangadikire kuti akumbukire mawa. Sangalembenso zimene akanakonda kuona. Mwambo umenewu Kirk sanausiyire pa masamba okha. Anaugwiritsanso ntchito pa mtsinje, pa matenda ndi pa anthu. Apa ndi pamene pagona luso lonse la dayale: kulemba usanadziwe mathero. Munthu amene anayenda wapansi ndi Livingstone kuchokera kwa Chibisa mpaka kukaona nyanja ya Chilwa mu Epulo 1859 sankadziwa kuti patsogolo pali manda a mmishonale Bishopu Mackenzie, kapena kuti boma la Britain lidzawaitanitsa ulendo utalephera. Chiyembekezo chake cha tsiku limenelo chili pa pepala osakonzedwanso, ndipo ife amene tikudziwa zotsatira timawerenga mtima uli m'mwamba.

Chimene ndimachikonda koposa ndi kusasankha kwake. Chachikulu ndi chaching'ono zimakhala moyandikana, zolembedwa ndi mawu ofanana. Sitima yawo, Ma Robert, ikuchucha ndipo ikudya nkhuni zosaneneka. Wakuti wagwidwa ndi malungo, wapatsidwa kwinini. Madzi aphwa, sitima yatitimira mu mchenga. Pagombe pali mtengo wakuti. Dzanja lomwelo ndi limene linasamalira Mary, mkazi wa Livingstone, pamene ankamwalira ku Shupanga mu Epulo 1862, ndiponso limene linalemba za kumayambiriro kwa 1863, pamene chilala ndi nkhondo za ogwira akapolo zinapulula anthu m'chigwa cha Shire, mitembo n'kumayandama pa mtsinje. Ena amati kulemba kotere n'kouma, kopanda chisoni. Ayi ndithu! Wolemba amene amakweza mawu pa imfa iliyonse amandilirira ine, n'kundilanda mpata woti ndimve ndekha. Koma munthu akalemba za njala ndi mawu omwewo amene analembera za nkhuni dzulo, ndimadziwa kuti sakundinyengerera, ndipo zimandilasa kwambiri.

Tsopano bwererani ku chiganizo cha pa Rovuma chija. Kulemera kwake kukuchokera kuti? Kukuchokera pa zaka zinayi za masamba a munthu woleza mtima, amene sanali wofulumira kunyoza mkulu wake. Mu Novembala 1860, pobwerera kuchokera ku mathithi a Victoria, bwato lake linagubuduzika pa mafunde a Kebrabasa, pamene lero pali damu la Cahora Bassa. Iye anapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, koma zolemba zake ndi zithunzi za zomera zinapita ndi madzi. Anapitirizabe ulendo. Ndiye mukamuona mu Seputembala 1862, atatopa ndi kukoka maboti pa mchenga wa mtsinje wosayendeka pamene mtsogoleri akuumirira kupita chitsogolo, n'kulemba mawu owawa aja, mumadziwa kuti afika pakhosi. Ndipo anawalembera yekha. Pagulu anakhalabe wokhulupirika, moti mu 1874 anali mmodzi mwa onyamula bokosi la Livingstone ku Westminster Abbey. Mukachotsa masamba a zomera ndi a kwinini, chiganizocho chimasanduka miseche wamba.

Buku limene David Livingstone ndi mbale wake Charles anatulutsa mu 1865 lofotokoza ulendo womwewu ndi losalala, lolembedwa ndi anthu odziwa kale mathero ndipo ofuna kudziyeretsa pamaso pa anthu a kwawo. Sindilikonda. Koma ngakhale m'menemo, malo amene muli moyo ndi aja mwalowa diso la Kirk. Chitsanzo ndi nkhani ya kombe, ulembe umene alenje a m'chigwa cha Shire ankapaka ku mivi. Kirk anaika pang'ono m'thumba momwe munalinso mswachi wake. Potsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, n'kuyamba waganiza kuti ndi kwinini, koma kenako anazindikira kuti mtima wake ukugunda pang'onopang'ono kuposa kale. Wina akanalavula n'kuiwala. Iye anazisunga, ndipo pofika mu 1885 Thomas Fraser wa ku Edinburgh anali atasonyeza kuti mu njere za chomera cha kombe muli mankhwala a mtima.

Makalata ndimawaika pambuyo, chifukwa kalata imavala malinga ndi kumene ikupita. Yopita kwa a Hooker, akatswiri a ku Kew, imanena za zomera, yopita kwa mbale wake Alexander imamasuka, koma zonse zimadziwa kuti pali wina amene awerenge. Za malipoti a ku Zanzibar opita ku London, ndi ntchito ya ofesi. Olemba mbiri awagwiritse ntchito, koma asandiuze kuti ndi luso.

Sindikuti Kirk anaona zonse. Anali mzungu wa nthawi yake, ndipo chimandiwawa n'chakuti sayansi imene ankaitumikira inasunga dzina lake pa mtengo wa masuku, Uapaca kirkiana, ndipo mapu anasunga dzina lake pa mapiri a Kirk Range, pamene Amang'anja amene ankadziwa mphamvu ya kombe kalekale sanakumbukiridwe motero. Komabe ngati tikufuna kupeza anthu amenewo, tiwapeza kuti? Osati m'mabuku osalala aja. Tiwapeza m'mizere yomwe akonzi amaiona ngati yotopetsa, mmene mukutchulidwa mudzi, chimene chinalimidwa m'munda, chimene chinagulidwa ndi nsalu, amene anawolotsa alendo pa doko. Munthu wa ku Chikwawa kapena ku Nsanje wofuna kudziwa mmene dera lake linalili njala ya 1863 isanafike adzapindula kwambiri ndi mizere imeneyo kuposa mkangano wa azungu awiri.

N'chifukwa chake ndimachita mantha ndikamva anthu akulakalaka dayale zotere zitafupikitsidwa kuti zikhale zosavuta kuwerenga. Wofupikitsa amayambira pa zomera, n'kubwera pa kuya kwa madzi, n'kutsirizira pa mlingo wa mankhwala, ndipo chotsala ndi nkhani ya mikangano imene Kirk sanalembe. Ngati wina adzafune kuikonzera ophunzira a kuno m'Chichewa, asankhe miyezi yochepa, monga Epulo 1859, Seputembala 1862 ndi Januwale 1863, koma mwezi uliwonse aupereke wathunthu, tsiku ndi tsiku, pamodzi ndi masiku amene Kirk analemba za mitengo ndi nkhuni zokhazokha.